Diso la mlenje wa ku Geelong

Nambala 47. Mukamutchulira nambala imeneyi sapota wa timu ya Geelong, saganiza za nambala ya nyumba kapena ya basi. Amamwetulira, n'kutchula dzina: Corey Enright. Mnyamatayu adachokera ku Kimba, katauni ka alimi a tirigu m'chigawo cha South Australia, ndipo pa tsiku losankha osewera la 1999 anyamata 46 adaitanidwa iye akadali chikhalire. Matimu onse adali ndi mpata womutenga, ena kawiri kapena katatu, koma adamudumpha. Pomwe ankapachika nsapato mu 2016 n'kuti atasewera masewero 332, atanyamula chikho katatu, ndipo atalowa kasanu n'kamodzi m'timu ya akatswiri a dziko lonse yomwe imasankhidwa chaka ndi chaka. Amene adalemba dzina lake papepala tsiku limenelo ndi Stephen Wells, wosaka osewera wa Geelong, munthu yemwe masapota ambiri sakanamuzindikira atakumana naye pamsewu.

Kuti luso la bamboyu limveke, tiyambe ndi msika womwe amagwiramo ntchito. Mpira wa ku Australia umaseweredwa ndi anthu 18 mbali iliyonse, pabwalo lozungulira ngati dzira, ndi mpira wooneka ngati dzira womwe. Ligi yake yaikulu, AFL, ili ndi matimu 18, ndipo malamulo ake adapangidwa dala kuti timu yolemera isamadye yokha. Palibe kugula wosewera ndi ndalama ngati momwe zimakhalira m'mpira wa miyendo. Malipiro onse a timu ali ndi malire omwe sayenera kudumphidwa. Anyamata a zaka 18 amalowa m'ligi kudzera pa draft, mwambo womwe udayamba mu 1986: matimu amasankha motsatana, ndipo yomwe yathera pansi penipeni ndiyo imapatsidwa nambala 1, pomwe akatswiri amadikira kumapeto kwa mzere. Ukafuna wosewera wa timu ina, ndalama yako ndi nambala zomwezo, kapena wosewera wako, ndipo mwini wakeyo ayenera kuvomera kusamuka.

N'chifukwa chake mpira ukatha kumapeto kwa September, masapota sagona. Mu October msika wosinthana osewera umatsegulidwa kwa masiku pafupifupi khumi, mu November n'kubwera draft, ndipo miyezi iwiri imeneyi aliyense amasanduka mkulu wa timu. M'mabala a ku Melbourne, m'sitima, pa wailesi, mkangano ndi umodzi: wosewera uyu akufanana ndi nambala yanji? Wina akuti nambala 9 yokha yakwana, wina akuti awonjezere ya chaka chamawa. Kuyambira 2015 nambala iliyonse ili ndi mapointi ake, nambala 1 kukhala ya mapointi 3,000, ndiye ena amabwera ndi masamu awo olembedwa bwinobwino. Atolankhani amatulutsa mndandanda wolosera kuti ndani apita kuti, masapota n'kuwukhadzula. Ndipo pali mabala omwe sapola. Sapota wa Richmond sangamalize botolo asanakumbutsidwe kuti mu 2004 timu yake idali ndi nambala 4, koma Lance Franklin, yemwe adadzamwetsa zigoli zoposa 1,000, adapita ku Hawthorn pa nambala 5.

Mikangano imeneyi ndimaikonda, ndipo ena mwa okanganawo amadziwadi zinthu. Koma ili ndi chilema chimodzi: imafuna chigamulo lero. Msika ukangotsekedwa usiku, m'mawa mwake matimu apatsidwa kale malikisi, uyu wakhoza, uyu walakwa. Pomwe ntchito yeniyeni ya wosaka osewera ili ngati ya wobzala mango, amene amakumba dzenje akudziwa kuti mthunzi wake udzapezeka ana atakula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mpira umenewu sindikudziwa wina amene adadekha kuposa Wells.

Geelong ndi mzinda wa padoko, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Melbourne. Timu yake, yomwe amaitcha Amphaka, idakhazikitsidwa mu 1859, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 idali pamoto. Chikho idachilawa komaliza mu 1963. Idafika m'fainali mu 1989, 1992, 1994 ndi 1995, n'kugonja konseko. Ngongole zidali m'khosi, ndipo kumapeto kwa 1999 kaputeni wake, Leigh Colbert, adasamukira ku North Melbourne. Njira yodziwika yotulukira m'dzenje lotere ndi kugwa mpaka pansi kwa zaka zingapo, n'kumatola nambala 1 kapena 2 mpaka anyamata abwino atachuluka. Geelong sidadzere kumeneko. Idakhala timu ya pakatikati, ndipo timu ya pakatikati imapatsidwa nambala za pakatikati, zomwe anzako amakhala atatapa kale zonona.

Taonani zomwe Wells adatulutsa m'zotsalirazo. Mu 1999 adatenga Joel Corey pa nambala 8, Paul Chapman pa 31, Cameron Ling pa 38, ndi Enright pa 47. Mu 2001 adatenga Jimmy Bartel pa 8, James Kelly pa 17, Steve Johnson pa 24, ndi Gary Ablett wamng'ono pa 40. Anyamata asanu ndi atatu, masiku awiri okha a ntchito, ndipo palibe mmodzi yemwe adachokera m'nambala zisanu zoyambirira. Pa gulu limeneli padatuluka anthu awiri omwe adalandira mendulo ya Brownlow, ya wosewera wopambana m'ligi yonse, anthu atatu omwe adasankhidwa kukhala opambana pa tsiku la fainali, ndi kaputeni wonyamula chikho.

Koma mndandanda wa mayina si luso ayi. Luso lili m'funso lomwe munthu amadzifunsa akaima m'mbali mwa bwalo. Wosaka osewera amathera nyengo yozizira yonse m'mabwalo a kumidzi ndi a m'masukulu, kope m'manja, kuonerera ana a zaka 16 ndi 17. Amacheza ndi makolo, aphunzitsi a kusukulu, ndi amene adamuphunzitsa mwanayo mpira ali wamng'ono. Chaka chikamatha ligi imasonkhanitsa anyamata odalirika n'kuwayeza: liwiro pa mamita 20, mpweya pa mtunda wautali, kutalika kwa kudumpha. Zotsatira zake timu iliyonse imazilandira zofanana. Ndiye ngati onse ali ndi pepala limodzi, kusiyana kumabwera pati? Ambiri amafunsa kuti mnyamatayu ndi wotani lero. Zosankha za Wells zimaonetsa munthu wofunsa funso lina: adzakhala wotani akadzafika zaka 25, ndipo adzaima pati m'bwalo?

Cameron Ling ndiye chitsanzo chomwe ndimachikonda. Ali mwana ankasewera kutsogolo kwenikweni, womwetsa zigoli wa thupi lodzaza, tsitsi lofiira ngati moto. Aliyense ankaona kuti pa malo amenewo, m'ligi ya akuluakulu, wafupika ndipo liwiro lamuchepera. Chigamulo chimenecho chidali choona, kungoti chidali chigamulo cha malo, osati cha munthu. Ling adali ndi mutu wowerenga mpira komanso mtima wosatopa ndi ntchito. Ku Geelong adamubweza pakati, adathamanga mpaka thupi lidauma, n'kusanduka mlonda woopsa, uja amapatsidwa katswiri wa timu inayo kuti amumatirire ngati nkhupakupa masana onse. Mu 2011 ndiye adali kaputeni pomwe Geelong idagonjetsa Collingwood m'fainali.

Nkhani ya Joel Selwood ikuonetsa mbali ina ya luso lomweli, kudziwa chomwe uyenera kuopa ndi chomwe suyenera kuopa. Mnyamata wa ku Bendigo ameneyu aliyense ankamudziwa kuti ndi mtsogoleri wobadwa, koma bondo lake lidamuvuta m'chaka chomaliza asanalowe draft ya 2006, ndipo kukayika kudalowa m'matimu. Anthu asanu ndi mmodzi adaitanidwa iye asanatchulidwe. Geelong idamutenga pa nambala 7. Bondo lomwe ankalikayikiralo lidamunyamula masewero 355 ndi zikho zinayi. Chimodzimodzi Steve Johnson wa ku Wangaratta, yemwe mayendedwe ake sankaoneka ngati a wothamanga konse, koma mpira ukafika m'manja mwake ankaona njira zomwe anthu 35 enawo m'bwalo sankaziona. Wotchi siyeza zimenezo. Limayeza ndi diso lomwe laonerera masewero ambirimbiri mpaka lidaphunzira kusiyanitsa mwana wochita zamatsenga zopanda phindu ndi mwana woganiza msanga kuposa anzake.

Pa msika wosinthana, dzanja lidali lomwelo. Tom Harley adasewera kamodzi kokha ku Port Adelaide asanabwere ku Geelong. Adadzakhala kaputeni wa zikho ziwiri. Cameron Mooney adabwera pa malonda aja a Colbert, omwe masapota adawalira ngati maliro. Ndipo pamene gulu la 1999 ndi 2001 lidayamba kukhwima, timu idasintha kayendedwe: kumapeto kwa 2004 idapereka nambala ziwiri za gawo loyamba ku Richmond kuti itenge Brad Ottens, chimphona chomwe chinkasoweka pakati. Munthu amene adasunga nambala ngati mbewu kwa zaka zambiri adadziwanso tsiku lotsegula nkhokwe.

Zipatso sizidapse msanga. Mu 2006 Geelong idathera pa nambala 10, ndipo mawu adamveka ponseponse akuti gululi lalephera, aliphwasule, mphunzitsi Mark Thompson achoke. Akuluakulu a timu adaunika zonse, n'kumusiya pa mpando. Chaka chotsatira, pa 29 September 2007, pa bwalo la MCG, Geelong idagonjetsa Port Adelaide ndi mapointi 163 kwa 44. Kusiyana kwa mapointi 119 kumeneko sikudachitikeponso m'fainali ina iliyonse. Njala ya zaka 44 idatha masana amodzi. Steve Johnson, wa nambala 24 uja, ndiye adasankhidwa wopambana pa tsikulo, Bartel n'kuti atalandira kale Brownlow sabata yomweyo, ndipo anyamata asanu ndi anayi a Geelong adalowa m'timu ya akatswiri a dziko. Mu 2009 adagonjetsa St Kilda, wopambana pa tsikulo n'kukhala Chapman wa nambala 31. Mu 2011 ulemuwo udagwera Bartel.

Apa sapota wa timu ina amadzuka pampando, ndipo ali ndi mfundo. Ligi ili ndi lamulo lakuti mwana wa munthu yemwe adasewerera timu masewero ochuluka, masiku ano 100, angathe kutengedwa ndi timu ya bambo ake ena asanamukhudze. Geelong idadyerera lamuloli kuposa ambiri. Matthew Scarlett, mmodzi wa otchinga kumbuyo opambana m'mbiri ya mpirawu, adalowa motero mu 1997. Ablett, mwana wa katswiri yemwe adamwetsa zigoli zoposa 1,000, adalowa motero. Tom Hawkins adalowa motero mu 2006 pa nambala 41, pomwe pa msika wopanda lamuloli akanapita koyambirira kwenikweni, ndipo chaka chotsatira ligi idasintha lamulolo kuti matimu ena azitha kukweza mtengo. Mwayi umenewo ndi woona, ndipo palibe chifukwa choubisira. Wells nayenso adaphonyapo. Nambala 7 ya 2003 sidabale zomwe ankayembekeza. Koma ana a akatswiri atatu sapanga timu ya anthu 22. Bambo a Enright sadasewerere Geelong, ngakhale a Chapman, ngakhale a Harry Taylor, yemwe adatengedwa mu 2007 ali ndi zaka 21, msinkhu womwe matimu ambiri pa nthawiyo ankauona ngati munthu wapitirira.

Ndipo umboni waukulu udabwera pambuyo pake. Malamulo a AFL adapangidwa ngati gudumu: wokhala pamwamba amalandira nambala zoipa, akatswiri ake amakalamba, amagwa, n'kuyambanso. Geelong idakana kuzungulira nalo. Kuyambira 2004 mpaka 2022 idalephera kulowa m'ndime yomaliza ya matimu asanu ndi atatu olimbirana chikho kawiri kokha. Kuti zimenezi zitheke, mlenje adayenera kusiya nkhalango yomwe onse amasakamo n'kulowa m'tchire lomwe anzake ankalidutsa.

Mark Blicavs sadali wosewera mpira konse. Adali wothamanga mjaho wodumpha zipika ndi madzi, ndipo maso ake adali pa masewero a Olympic a ku London a 2012. Mpira adausiya ali mwana. Geelong idaona munthu wotalika mamita pafupifupi awiri amene angathamange tsiku lonse osapuma, n'kuwerengera kuti kumenya mpira kungaphunzitsidwe koma mapapo otere saphunzitsika. Idamutenga kudzera pa khomo la pambali lomwe ligi idatsegulira anthu ochokera m'masewero ena. Mu 2015 adasankhidwa wosewera wopambana wa timuyo, mu 2018 n'kubwerezanso. Tom Stewart naye adali kalipentala, akusewera mpira wa kumapeto a sabata ku South Barwon, timu ya m'dera momwemo. Scarlett, atapuma mpira, adamuona kumeneko n'kukauza akwawo. Apa pali luso lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri, luso lomvera. Munthu wa zaka zambiri pa ntchito akanatha kunena kuti mwana wabwino sangafike zaka 23 ife osamudziwa. Geelong idamuyesa m'timu yake yachiwiri, n'kumutenga mu 2016 pa nambala 40. Walowa m'timu ya akatswiri a dziko kasanu.

Koma ngati pali ntchito imodzi yomwe ndingaike pagome kuti anthu aione momwe idalukidwira, ndi ya Tim Kelly. Kelly ankasewera ku South Fremantle, m'ligi ya chigawo cha Western Australia, ndipo draft idamudutsa chaka ndi chaka. Matimu awiri a AFL ali mumzinda wakewo, koma ndi Geelong, ya kutsidya lina la dziko, yomwe idamutenga mu 2017 pa nambala 24, ali ndi zaka 23. Adangofika n'kuyaka. Patatha chaka chimodzi adapempha kubwerera kwawo chifukwa cha banja lake. West Coast, timu ya kwawoko, idabwera ndi mtengo, Geelong idati wachepa, n'kumusunga. Masapota adagawikana: ena ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, tengani zomwe zilipo munthuyo asanatsike mtengo. Mu 2019 Kelly adasewera bwino kuposa kale, adalowa m'timu ya akatswiri a dziko, ndipo West Coast idabweranso, ulendo uno ndi mulu wa nambala, ziwiri mwa izo za gawo loyamba.

Nambala zimenezo sizidagone m'thumba. Kumapeto kwa 2020 Jeremy Cameron, womwetsa zigoli wa Greater Western Sydney yemwe adatsogola pa zigoli m'ligi yonse mu 2019, adati akufuna Geelong. Timu yake idakana kumutaya chabe, ndipo idakakamiza malonda omwe adakokana mpaka mphindi zomaliza msika usanatsekedwe. Geelong idapereka nambala 13, 15 ndi 20, imodzi mwa izo yochokera pa malonda a Kelly. Phokoso lidali lalikulu. Nambala zitatu za gawo loyamba pa munthu mmodzi, timu yokalamba kale, tsogolo lagulitsidwa! Koma tsatani ulusiwo kubwerera m'mbuyo. Nambala 24 imodzi, yoponyedwa pa munthu amene onse adamukana, idapereka zaka ziwiri za mpira wapamwamba, kenako idabala nambala zingapo, ndipo imodzi mwa izo idathandiza kubweretsa mmodzi wa omwetsa zigoli oopsa m'dziko. Nkhuku idasanduka mbuzi, mbuzi n'kusanduka ng'ombe.

Pa fainali ya 2022 zonse zidakumana m'bwalo limodzi. Selwood wa bondo lokayikitsa uja adali kaputeni, pa sewero lake lomaliza. Hawkins adalipo, Blicavs wothamanga uja adalipo, Stewart kalipentala adalipo, Cameron adalipo. Patrick Dangerfield, yemwe adabwera kuchokera ku Adelaide kumapeto kwa 2015 pofuna kukhala pafupi ndi kwawo ku Moggs Creek, adalipo. Tyson Stengle, yemwe timu ina idamusiya ndipo Geelong idamutola osalipira nambala iliyonse, adamwetsa zigoli zinayi. Ankati ndi timu ya nkhalamba, ndipo idalidi yokalamba kuposa ina iliyonse yomwe idaseweramo fainali. Idagonjetsa Sydney ndi mapointi 133 kwa 52.

Sindikunena kuti zonsezi ndi mutu umodzi. Wosaka osewera ali ndi gulu lake, ndipo mwana wabwino akagwa m'manja mwa aphunzitsi oipa amafota. Thompson ndi Chris Scott, mphunzitsi yemwe adamulowa m'malo, adaumba dongo lomwe adapatsidwa, madokotala adanena za mawondo, akuluakulu a timu adapirira pomwe ena akanathyola. Koma dongolo wina adalikumba, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu, aphunzitsi akusintha, malamulo a msika akusintha, dzanja lokumbalo lidali lodziwika. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti luso limeneli lilibe bwalo lake. Wosewera akadumpha pamapewa a mnzake n'kugwira mpira m'mwamba, anthu 100,000 amaimirira nthawi yomweyo. Wosaka osewera amachita chodabwitsa chake m'chipinda, potchula dzina lomwe palibe akulidziwa, ndipo m'manja amaomberedwa patatha zaka khumi, pomwe anthu adaiwala kale kuti padali wina amene adasankha.

October akubweranso, ndipo masapota adzatulutsanso masamu awo. Adzakangana za nambala 1, 2 ndi 3, adzapereka malikisi, adzaseka timu yomwe yatuluka ndi nambala za kumunsi zokhazokha. Ine ndidzakangana nawo, chifukwa kukomako n'komweko. Koma usiku wa draft, makamera akadzayamba kuzima, olengeza atatopa, mayina akungowerengedwa mothamanga cha m'ma 40, pamenepo ndipo ndidzatchere khutu. Kwinakwake, m'katauni ka tirigu kapena pa nyumba yomangidwa theka, foni idzakhala ikuitana.